Boti la Apongozi Anga

Mwezi uno chakwana chaka chiikireni maliro a apongozi anga, bambo Muhiwa, kwawo ku Nsabwe. Tsiku limenelo analankhula anthu ambiri. A mpingo anati anali munthu wosunga Sabata. A ku esiteti anati anali mlonda wa padamu wosajomba. A kubanja anatchula ana ndi zidzukulu. Za boti palibe ananena. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndi amayi anzanga tikutsuka mbale, ndipo ngakhale akanandiitana sindikanatha kuima pagulu. Mtengwa salankhula pamaliro a apongozi ake, komanso ineyo pakamwa panga mpolemera chibadwire. Ndiye ndati ndingolemba, ngakhale sukulu sindinapite nayo patali.

Pa esiteti yathu pali damu lalitali lokhotakhota pakati pa minda ya tiyi. Tsidya lino kuli malayini, nyumba zathu antchito. Tsidya linalo kuli fakitale, nyumba ya alendo ndi chipatala. M'chilimwe timawoloka wapansi, pa simenti pamene madzi amatayikira damu likadzaza. M'dzinja pamalo pomwepo pamasanduka mtsinje wolusa, ndipo imatsala njira yozungulira kumsewu, yoti ukanyamuka m'mawa ndi mwana kumbuyo umakapeza a sikelo akulongedza. A kabaza nawonso amakana matope ake.

Botilo linali la esiteti, laling'ono, la thanga limodzi loyera. Analigulira alendo obwera kudzaona tiyi kuti madzulo aziyenda nalo pamadzi. Apongozi anaphunzira kuliyendetsa akali mnyamata kwa bwana wina wakale, ndipo mabwana atasinthasintha iwo anatsala nalo. Alendo anali a apo ndi apo. Amene tinalidziwa bwino boti limenelo ndi ife amayi a kumalayini, chifukwa mvula ikakula ndi lomwe linkatiwolotsa kupita kuchipatala. Ku ofesi ankadziwa, koma sankanena kanthu.

Apongozi anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala. Akafika padamu ankavula gambutsi n'kuzipachika pamsomali, n'kumayenda osavala nsapato tsiku lonse. Mphepo ankaiwerenga pa utsi wa kufakitale ndi pa nsonga za mabulugama. Moyo wawo wonse anakhala pakati pa tiyi koma sanamulawepo, poti mpingo wawo suloleza. Iwo ankamwa madzi otentha oponyamo masamba a mandimu. Ankakonda kunena kuti munthu paboti sagwa chifukwa cha mafunde, amagwa chifukwa cha pamene waponda. Poyamba ndinkayesa ndi zonena chabe za akuluakulu.

Kukwera botilo kunali motere. Umaima pa kamlatho ka matabwa, n'kuponya phazi lako patali ndithu, pamphuno pa boti pomwe mpotseka pamwamba, kenako n'kutsikira pokhala. Apongozi ankaima mwendo wina pakamlatho, wina paboti, ndipo mayi aliyense ankamugwira pachigongono mpaka akhale pansi. Aliyense kupatula ine.

Kwathu kuno mtengwa ndi apongozi aamuna sakhudzana, sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'mizere ya tiyi n'kunjuta, iwo n'kuyamba kuyang'ana mitambo ngati ataya kanthu kumwamba. Apongozi aakazi ndinapeza atamwalira kale. Amuna anga ndi alonda ku Limbe, amabwera pakutha pa mwezi. Choncho pakhomo panalibe wotilumikiza, mpaka atabadwa mwana wathu Tadala. Kuyambira sabata yomwe tinatuluka m'chikuta, iwo anapeza wolankhula naye.

"Iwe Tadala, uwauze amayi ako kuti zovala zili panja ndipo kukubwera mvula."

Tadala nthawi imeneyo analibe ndi dzino lomwe. Ine ndinkayankha ndili kukhitchini: "Tadala, uwauze agogo kuti ndamva."

Tinakhala choncho zaka zonse. Mwanayo atayamba kulankhula anatenga ntchitoyo ngati yakedi, ndipo ankawonjezera zake. Agogo akati sopo watha, iye ankafika kwa ine n'kunena kuti agogo akuti sopo watha komanso mundigulire mandasi. Iwo ankamva ali pakhonde, osamutsutsa. Madzulo ankabwera ndi ndasi m'thumba la ovolosi.

Mnzawo weniweni anali a Mangani, khukhi wa kunyumba ya alendo. Anakulira limodzi m'malayini omwewa, ndipo sindinawaonepo akupatsana moni wabwinobwino.

"A Kaputeni, lero mwafika ku Mozambiki kapena mwangozungulira achule?"

"Pitani mukapsereze mazira a alendo, achimwene. Utsi ndauona ndili pakati pa damu."

"Bwerani ndikuthirireni tiyi, abusa sakuona."

"Imwani nokha, mano afiire bwino."

Kukangana kwawo kwenikweni kunali kamodzi kokha, chaka chimene Tadala ankakwawa. Nthawi imeneyo pamwamba pa boti panali patatha. Dzuwa linali litadya penti yense, pakutuwa, ndipo ukakhalapo chitenje chinkachita mbuu ngati wakhalira ufa. Timatotomatoto tokhakhala tomwe analipanga nato kuti phazi lizigwira tinali titasalala pamene anthu amaponda kwambiri. Apongozi anali atapempha penti ku wekishopu kangapo, akuuzidwa kuti adikire.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera alendo, apongozi ali ku Khonjeni kumaliro. A Mangani anatsikira padamu, naona boti likuoneka ngati mbale yakale. Iwo ntchito yawo yonse inali yoti chinthu chotuwa chiwale. Anakatenga chitini cha polishi wofiira amene amapaka pakhonde la nyumba ya alendo, nagwada masana onse ndi bulashi ndi chisanza. Pamene ankachoka boti linali waliwali. Amayi amene tinkachapa chapafupi tinawayamikira, chifukwa linakongoladi.

M'mawa mwake kunali mame. Apongozi anafika, navula gambutsi monga mwa nthawi zonse, naponya phazi. Tinangoona miyendo m'mwamba. Anamenyetsa chiuno m'mphepete mwa boti n'kugwera m'madzi. Amayi anayamba kuseka, koma anasiya ataona kuti akuchedwa kudzuka. Anatuluka chokwawa, nakhala pamatope, nagwira pamwamba pa boti ndi chala, nachinunkhiza. A Mangani anali akutsetsereka kale kuchokera kunyumba ya alendo, apuloni ili m'chiuno.

"Ndani wapaka mafuta a nkhumba paboti langa?"

"Mafuta a nkhumba ati? Polishi wabwino ameneyo, wa pakhonde la abwana. Limaoneka ngati chodyera agalu."

"Pakhonde la abwana pamakwera mayi wobereka mwana mvula ikugwa?"

A Mangani anati, "Ndimati ndikuthandizeni, achimwene."

"Mwandithandiza. Ndasamba."

Kuyambira tsiku limenelo apongozi ankatsimphina, mpaka imfa yawo. Kuchipatala anakana kugona. Alendo aja anauzidwa kuti boti likudwala.

Madzulo ake anakhala pakhonde, Tadala ali pamwendo wosapwetekawo, ine ndikusenda chinangwa kuseri kwa chitseko. Analankhula motsitsa, koma kuti ndimve.

"Tadala, mvula yayandikira. Amayi a anzako onse, akaterereka, ndiwagwira mkono. Amayi ako sindingawagwire. Ndipo iwe udzakhala uli kumbuyo kwawo. Ndiye uwauze kuti ndikufuna sefa yawo, ndi manja awo omwe."

Ndinasiya mpeni. Zimenezo ndinali ndisanaziganizepo. Chaka cham'mbuyo ndinawoloka ndili ndi pakati, koma amayi anzanga ndi amene ankandigwira uku ndi uku. Sindinadziwe kuti iwo ankaziwerengera mumtima nthawi yonseyo.

"Tadala," ndinatero, "uwauze agogo kuti sefa ilipo."

Amuna otchola tiyi anatithandiza kukokera boti pansi pa shedi ya malata imene ili m'mphepete mwa damu. Ku wekishopu atamva za kugwa kuja anatulutsa penti wotsala wa mathirakitala, wachikasu. Apongozi anatsuka boti ndi sopo, napaka kachigawo kakang'ono kuti aone. Penti anathawa, anachita timaso timaso ngati mafuta pamadzi, ndipo mawa lake anasendeka ndi chikhadabo. Polishi anali atalowerera m'timaenje tonse. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana, akung'ung'udza m'Chilomwe mawu amene sindingalembe pano. Kenako anandituma, kudzera mwa Tadala, kuti ndikateleke madzi.

Tinakwecha ndi madzi otentha, phulusa ndi sopo waufa. Bulashi itatha tinagwiritsa zitsononkho za chimanga. Iwo ankagwada pa thumba kumphuno kwa boti, mwendo wopwetekawo atautambasula, ine kumatako kwa boti nditawafulatira. Tikamaliza chigawo ankathirapo madzi ozizira. Pamene madzi aundana timadontho, polishi akadalipo, tibwereze. Pamene afalikira ponseponse, pamenepo payera. Tinabwereza mpaka zala zanga zinasupuka. Patauma anapala ndi sandipepala kuchotsa ufa wotuwa uja, kuti penti watsopano apeze pogwira.

Mchenga unali ntchito yanga. Ndinkakautapa kukamtsinje ka kumunsi kwa damu, n'kuutsuka m'ndowa mpaka madzi atayera, n'kuuyanika palata. Ukauma ndinkausefa kawiri. Poyamba pa waya wa pawindo, kuti timiyala titsale. Kenako pa sefa ya ufa, kuti fumbi ligwe, ndipo wotsala pamwamba pa sefa ndi umene tinkasunga. Ndinkauika m'mbale n'kuikankhira kumbuyo kwanga osatembenuka. Iwo ankautikita pakati pa zala.

"Tadala, uwu ungakung'ambe maondo. Uwauze amayi ako asefenso."

Nthawi zina ankati wasalala kwambiri, uli ngati shuga wa a Mangani. Amayi opita kukachapa ankandiseka. "Mtengwa wa a Muhiwa akusefa mchenga. Zitumbuwa zake zikapsa mutiitane." Ine ndinkangowerama. Koma sefa sindinaisiye.

Zonse zitakonzeka kunagwa chiperoni. Nkhungu inaphimba damu, tsidya osaoneka, malata akudontha tsiku ndi tsiku. Penti safuna chinyezi. Apongozi ankafika m'mawa, n'kugwira pamwamba pa boti ndi chikhatho, n'kupukusa mutu. Kumbali ya Mulanje mabingu anali atayamba kale kugunda. Tinadikira pafupifupi sabata yathunthu.

Dzuwa linatuluka Loweruka.

Linali dzuwa lenileni, lotentha kuyambira m'mawa, kopanda kamtambo. Apongozi anavala jekete lawo napita kutchalitchi. Atabwerako anapita kushedi ndi jekete lomwelo, nakhala pa chitsa, manja pamaondo. Ine ndinawatsatira ndi Tadala n'kukhala patali pang'ono. Mumtima ndinali nditakwiya, ndisaname. Chitini cha penti chinali pomwepo, mchenga wanga uli m'thumba, wouma bwino.

Masana tinaona a Mangani akuwoloka pa simenti. Chichitikireni ngozi ija anali asanapondepo tsidya lino. Anaima, nayang'ana boti lopalidwa, nayang'ana kumwamba.

"Dzuwa likupita ili, a Kaputeni. Ndipatseni bulashi. Ine ndine wa Lamulungu, lero silindikhudza."

"Ndikanakhala ndi ng'ombe, lero ikanapuma. Inunso pumani."

"Mwanditcha ng'ombe?"

"Ayi. Ng'ombe sipaka polishi paboti."

A Mangani anaseka pang'ono, koma nkhope inali yakugwa. "Nanga mawa ikagwa?"

"Ikagwa tidikiranso. Khalani pansi, achimwene, mukunditchingira dzuwa."

Anakhala pamodzi pa chitsa chimodzi mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa mabulugama. Pamenepo ndi pamene mkangano wawo unathera.

Lamulungu kunacha ndi mitambo, koma kouma. A Mangani anabwera molunjika kuchokera ku misa, malaya oyera ali m'thupi, atanyamula chitini chimene anachiboola ndi msomali kunsi. Apongozi ankapaka penti kachigawo kakang'ono, ndipo asanaume a Mangani ankawaza mchenga ndi chitini chija, dzanja lili m'mwamba, monga amawazira shuga pa keke ya alendo. Unkagwa mofanana, osaunjikana.

"Ichi chokha ndiye mumachidziwa," anatero apongozi.

"Pakani msanga, mukundichedwetsa."

Ine ndinaima kumbali yochokera mphepo nditatambasula chitenje kuti masamba ndi fumbi zisagwerepo. Mikono inatopa. Mawa lake anasesa mchenga wosamata ndi tsache lofewa, napaka penti wachiwiri pamwamba kuti wotsalawo umangike. M'mphepete ndi pokhala anasiya posalala, akuti ana amakhala ndi makabudula ong'ambika kale. Mvula yoyamba inagwa penti akununkhabe, ndipo tinathamanga kukatchinga shedi ndi matumba a feteleza. Sanawonongeke.

Atauma anathirapo ndowa ya madzi, napondapo osavala nsapato. Anapondanso ndi gambutsi. Kenako anauza a Mangani kuti akwere ndi nsapato zawo za kutchalitchi, zosalala kunsi, ndipo adumphe. A Mangani anadumpha, mimba ikugwedezeka, akudandaula kuti boti tsopano likuoneka ngati papaya. Sanaterereke.

Tsiku langa linafika mu Januwale. Tadala anatentha thupi, ndipo kutacha ndinaona kuti akapuma nthiti zikulowa m'kati. Mvula inali ikugwa chiyambire dzulo lake. Pa simenti paja madzi ankamveka kulira uli m'nyumba. Amayi onse anali kumunda, poti tiyi amatchola ngakhale ikugwa. Ndinamubereka, ndinamufunditsa pulasitiki, ndinathamangira padamu ndekha.

Apongozi anali m'shedi. Anamva kupuma kwa mwanayo ndikali pakhomo, ndipo anadzuka n'kuyamba kumasula zingwe. Thanga analikweza theka lokha chifukwa cha mphepo. Kamlatho kanali katamira, madzi akufika mu akakolo, boti likudumphadumpha n'kumadzimenyetsa pamatabwa. Anayang'ana uku ndi uku ngati pangaoneke mayi wina. Panalibe.

Ndiye anagwada m'madzimo, ndi chiuno chawo chija, nagwira m'mphepete mwa boti ndi manja awiri, nalikokera pafupi, nkhope atatembenuzira kuminda ya tiyi.

"Tadala, uwauze amayi ako aponde pachikasu. Asaope."

Mapazi anga anali matope okhaokha. Ndinaponya phazi lakumanja, ndipo nthawi yomweyo funde linakankha boti, likutsika. Thupi langa linabwerera chagada, kulemera kwa mwana kukundikokera kumadzi. Ndinamva apongozi akukoka mpweya. Koma phazi silinasunthe. Mchenga unandiluma kunsi kwa phazi, n'kundigwira pomwepo. Ndinaweramira kutsogolo, ndinagwira mlongoti, ndinatsikira pokhala.

Za ulendo wake ndikukumbukira zochepa. Madzi ankalowa, ine ndikukapa ndi chitini dzanja limodzi, linalo lili pamsana pa mwana. Iwo anali pa chiwongolero, maso pa thanga, milomo ikuyenda. Titagunda tsidya linalo anagwadanso n'kugwira boti, ndipo nditatsika anandiyang'ana kumaso, koyamba chikwatiwireni.

"Amake Tadala, thamangani. Ine musandidikire."

Ndinathamanga. Anamwino anati ndi chibayo, ndipo anamubaya jakisoni nthawi yomweyo. Tinagonekedwa masiku angapo. Titatuluka ndinapeza apongozi pakhonde, ndipo anati, "Tadala, uwauze amayi ako kuti nkhuku zawo ndimazitsekera." Za tsiku lija sitinakambepo, ngakhale kudzera mwa mwana.

Chaka chilichonse mvula isanayambe ankayendera pamwamba pa boti ndi chikhatho, ndipo pamene pasalala ankapakanso. Mchenga sanalole kuti asefe wina. Anawolotsa amayi mpaka dzinja lathali, pamene anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Sanadwale nthawi yaitali. A Mangani ankabwera tsiku lililonse ndi fulasiki ya madzi a mandimu, akuti aphika okha ndipo sanapsereze. Maliro atatha anapuma ntchito n'kupita kwa mwana wawo ku Mphuka.

Padamu anaikapo mlonda wina, munthu wabwino, koma madzi amawaopa ndipo thanga salidziwa. Boti analikokera m'shedi n'kulivundikira pa matayala akale a thirakitala. Mlongoti anaupachika kudenga, thanga analipinda n'kuliika m'thumba, ndipo makoswe ayamba kulilawa. Lata limodzi linachoka ndi mphepo, moti pakona pamene apongozi ankakhala pamera udzu. Matabwa awiri a kamlatho anathyoka. Ife amayi tapita kale ku ofesi kukapempha kuti wina aphunzitsidwe, ndipo tipitanso, chifukwa anatiuza kuti tidikire.

Lachiwiri lapitali, mvula itagwa usiku wonse, ndinadutsa kumeneko. Ndinalowa m'shedi, ndinagwada, ndinapisa dzanja pansi pa boti. Poponda paja mpokhakhalabe. Nditatuluka ndinaona mayi wina wamng'ono, wachilendo m'malayini muno, ataima kumapeto kwa kamlatho ndi mwana kumbuyo, buku la sikelo lili m'pulasitiki. Wina anali atamuuza kuti pano pamakhala mdala wowolotsa anthu. Ankayang'ana kushedi, n'kuyang'ana tsidya, n'kuyang'ananso kushedi.

Ndinapita kukamuuza kuti asadikire. Njira yozungulira sankaidziwa, ndiye ndinamulandira mwanayo, tinauyamba limodzi.